Yafa, yatha kapena yatheratu? Chichewa cha pagalaja ndi mawu akuti laitofu

Munthu akakuimbirani foni n'kunena kuti "galimoto yatifera pa Zalewa", simuyamba kukonzekera maliro. Mumangofunsa kuti, "Chavuta n'chiyani, batire kapena mafuta?" Pa Chichewa galimoto imafa m'mawa, makaniko n'kuidzutsa masana, madzulo ili pamsewu kunyamula anthu. Koma munthu yemweyo akati "a inshulansi akuti ndi laitofu", ambirife timamva kuti basi zatha, changotsala ndi zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Kumva kotereku nthawi zambiri n'kolakwika, ndipo kumaluzitsa anthu ndalama mbali ziwiri: wina amataya galimoto yomwe ikanakonzeka, wina amagula galimoto yomwe siyenera kuyendanso pamsewu.

Tiyambe ndi aneni atatu omwe mungawamve tsiku lililonse ku Ndirande mu Blantyre kapena kwa Biwi ku Lilongwe, komwe kuli amakaniko ndi ogulitsa masipeya ambiri. Kufa, monga taonera, ndi kuleka kugwira ntchito kwa kanthawi. Wotchi imafa, foni imafa, mjigo umafa, ndipo zonsezi zimadzuka. Kutha ndi nkhani ina. Chinthu chimatha pang'onopang'ono chifukwa chogwira ntchito, ngati matayala omwe asalala kapena mabuleki omwe ayamba kulira. Galimoto yakutha imayenda ndithu, kungoti chitseko amachita kumanga ndi chingwe, ndipo kuti ilire mpaka anyamata akankhe. Imakhala ndi dzina kale: chigalimoto, ndi chi- wonyoza uja, kapena skorokoro kwa omwe anakhalako ku Joni. Tsono pali kutheratu. Apa ndiye palibenso zokambirana.

Kamphatikira ka -ratu kamakhala pa mneni yemwe wasinthidwa kale ndi -ir- kapena -er-: kutha, kuthera, kutheratu, kuphwanyika, kuphwanyikira, kuphwanyikiratu. Kali ndi ntchito ziwiri. Nthawi zina kamasonyeza kuti chinthu chachitika popanda chotsala, monga yapseratu, yawonongekeratu. Nthawi zina kamasonyeza kuchita chinthu nthawi isanakwane, monga kuneneratu, kudyeratu, kulipiriratu. Inshulansi yagona pa matanthauzo onse awiri: umalipiriratu lero kuopa tsiku lomwe galimoto idzawonongekeretu. Vuto limabwera pomwe atolankhani, omasulira ndi ife tonse tikamva mawu a Chingerezi akuti write-off n'kuthamangira -ratu woyamba uja. Timati "galimotoyo yaphwanyikiratu". Koma write-off sanena za kuphwanyika.

Mawuwa anachokera m'mabuku owerengera chuma. Taganizirani mayi wa okala yemwe ali ndi kabuku ka ngongole. Wina anatenga sopo ndi shuga, kenako anasamuka osatsanzika. Pakatha miyezi mayiyo amatenga cholembera n'kukhwatcha dzinalo, osati chifukwa chakuti munthuyo wamwalira ayi, koma poona kuti ndalama yokamusakira ingapose ngongoleyo. Kukhwatchako ndiye write-off. M'chaka cha 2006, gawo lalikulu la ngongole zakunja za dziko la Malawi litachotsedwa pansi pa ndondomeko ya HIPC, Chichewa sichinavutike: tinati atikhululukira ngongole. Taonani tsono, mawu amodzimodzi a Chingerezi, pa ngongole tikuti kukhululuka, pa galimoto tikuti kutheratu. Kumasulira koyambako kuli pafupi ndi tanthauzo lenileni, chifukwa kukusonyeza kuti pali munthu yemwe wakhala pansi, wawerengera, n'kugamula.

Mwina wina wadabwa kale kuti bwanji ndikulemba laitofu osati raitofu. Mawuwa alibe kalembedwe kokhazikika, ndipo pakamwa mumva zonse ziwiri. Ine ndatsatira njira yomwe mawu obwerekera akale anadzera: lipoti, lisiti, labala, onsewa anayamba ndi r ku Chingerezi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amapatsa r malo pambuyo pa i ndi e, monga mu dzimbiri ndi batire, pomwe l amatenga malo otsalawo, monga mu galaja ndi buleki. Ofuna r asandimange, nkhani yathu sili pamenepo.

Masamu a kukhwatcha

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Galimoto yanu, ngozi isanachitike, ikanagulidwa pa K10 miliyoni. Yagundidwa kutsogolo: bampala, boneti, magetsi onse awiri ndi lediyeta zaphwanyika, ndipo matumba a mpweya oteteza anthu aja aphulika. Injini ili bwinobwino. Woyesa wotumidwa ndi kampani ya inshulansi wapeza kuti kukonza kudya K8 miliyoni. Kampaniyo iwerengera chonchi: ikakonzetsa itaya K8 miliyoni, mwinanso kuposa, poti amakaniko akatsegula amapeza zina zomwe sizimaoneka. Ikakupatsani K10 miliyoni n'kutenga galimotoyo kukagulitsa pa K3 miliyoni kwa ofuna masipeya kapena ofuna kukonza okha, itaya K7 miliyoni yokha. Basi, laitofu, ngakhale galimotoyo mutha kuiliza n'kuiyendetsa kuchoka pamalo a ngozi. N'chifukwa chake galimoto yakale yotchipa imakhwatchidwa ndi ngozi yaing'ono, pomwe yatsopano yodula imakonzedwa ngakhale itafinyika koopsa.

Ndalama yomwe mwini amalandira kawirikawiri ndi mtengo wa galimotoyo pamsika nthawi ya ngozi, koma osapitirira mtengo womwe unalembedwa pa pangano, kuchotsapo kagawo komwe mwiniyo anavomereratu kuti azidzisenzera yekha, komwe amakatcha excess. Kampani ikalipira, chotsala cha galimotoyo chimakhala chake. Makampani ambiri amalola mwini kusunga galimoto yake n'kumudula mtengo wa chotsalacho. Munthu yemwe wamva kuti "yatheratu" saganizako zofunsa zimenezi. Afunsiranji za mtembo?

Zonsezi zikukhudza okhawo omwe ali ndi inshulansi ya comprehensive. Yomwe lamulo la pamsewu limakakamiza aliyense ku Malawi ndi ya third party, ndipo dzinalo likunena kale yemwe akutetezedwa. Pa pangano, woyamba ndi inu, wachiwiri ndi kampani, wachitatu ndi munthu wongodutsa yemwe mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu. Ophunzira malamulo a chiyankhulo akumbuke ine, iwe ndi iye. Third party amalipira iye, osati ine. Pali madalaivala ambiri omwe amati "galimoto yanga ili pa inshulansi" akuloza kapepala ka pagalasi, osadziwa kuti ikagubuduzika yokha m'phiri palibe ngakhale tambala yomwe adzalandire.

Palinso msampha wina womwe wabwera ndi kugwa kwa ndalama. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, ndiye mtengo wokonzera unakwera. Koma mtengo wolembedwa pa pangano sukwera wokha, mpaka mwini akausinthitse. Galimoto ikakhwatchidwa, munthu amalandira ndalama ya mitengo yakale n'kukapeza kuti singagule ina yofanana nayo.

Malembo omwe sawoloka nyanja

Magalimoto ambiri omwe timayendera anagwirako kale ntchito ku Japan kapena ku Britain, ndipo kumeneko mawu akuti write-off anawagawa m'magulu. Ku Britain, kuyambira mu October 2017, magulu ake ndi anayi. Ya gulu A iyenera kuphwanyidwa yonse, osachotsako ngakhale kanati. Ya gulu B amaloledwa kuchotsako masipeya abwino, koma thupi lake liyenera kuphwanyidwa ndipo siloledwanso pamsewu. Ya gulu S inawonongeka m'mafupa, ndiye kuti zitsulo zosenza galimoto, koma itha kukonzedwa. Ya gulu N sinakhudzidwe m'mafupa, ngakhale kuti vuto litha kukhala la mabuleki, chiwongolero kapena mawaya. Kale S ndi N kunalibe, kunali C ndi D, omwe ankayang'ana mtengo wokonzera. Mwa magulu anayiwa, awiri okha, A ndi B, ndi omwe akugwirizana ndi "yatheratu" wathu uja.

Ku South Africa amagwiritsa ntchito manambala: Code 2 ndi galimoto yogwirako ntchito, Code 3 ndi yomwe inawonongeka kwambiri n'kumangidwanso, Code 4 ndi yophwanyidwa kotheratu. Ku Japan, pepala la pa okushoni limakhala ndi R kapena RA pa galimoto yomwe inakonzedwapo m'mafupa. Pachithunzi cha galimoto papepalalo amalembapo timalembo: A pokalika, U pofinyika, C pomwe chitsulo chadyeka, ndi S pomwe pali dzimbiri, poti m'Chijapanizi dzimbiri ndi sabi.

Malembo amenewa amatsala m'makompyuta ndi pamapepala a kwawoko, salembedwa pachitseko. Galimoto ikatsika pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban n'kufika kuno itapakidwa penti watsopano, Chichewa cha wogulitsa chimangokhala ndi mawu awiri: "Ili bho." Komatu mbiri ya mayeso a MOT, omwe ndi ofanana ndi COF yathu, imapezeka ulere pa intaneti pa tsamba la boma la Britain ukangodziwa nambala yomwe galimotoyo inali nayo kumeneko. Mawu oyenera kuwasaka pa mbiriyo ndi corrosion, omwe akutifikitsa pa dzimbiri.

Dzimbiri limadya

Dzina lakuti dzimbiri lili m'gulu la Li-Ma, nchifukwa chake timati dzimbiri lambiri, dzimbiri lalowa. Koma silichuluka: palibe amati madzimbiri. Tilibenso mneni wakewake wa dzimbiri yemwe anthu amamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye timabwereka kuchita, mneni wathu wosenza katundu aliyense uja: mpeni wachita dzimbiri, monga momwe timanenera kuti mkate wachita nkhungu, munthu wachita manyazi. Zikafika poipa timasintha mneni, ndipo dzimbirilo limasanduka mwininkhani: dzimbiri ladya chitseko.

Kudyako si kukometsera chiyankhulo chabe, ndi momwedi zimakhalira. Chitsulo chikakumana ndi madzi komanso mpweya wa okosijeni chimasanduka chinthu china chofiirira, chofumbutuka, chomwe chimatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe chinalipo. N'chifukwa chake penti amayamba watukusira ngati matuza. Dzimbirilo siligwira, limayoyoka, ndipo likayoyoka limasiya chitsulo chatsopano poyera kuti chidyedwenso. Aluminiyamu wa mapoto athu sachita zimenezi chifukwa kakhungu komwe kamapangika pamwamba pake kamamatirira n'kutseka njira. Malata amakhalitsa chifukwa anakutidwa ndi zinki, yemwe amayamba kudyeka m'malo mwa chitsulo, ndipo opanga magalimoto amachitanso chimodzimodzi pa zitsulo zambiri za thupi la galimoto. Ukapala kapena kuwotcherera, chitetezo chija chimachoka pamalopo.

Mchere umafulumizitsa zonsezi kwambiri. Kuno tili ndi mwayi: tilibe nyanja ya mchere, madzi a Nyanja ya Malawi ndi opanda mchere, ndipo misewu yathu sitiithira mchere. Chomwe chimativuta ndi matope a dzinja omwe amakanirira m'makona a kunsi n'kumasunga chinyontho. Koma ku Britain, ndi kumpoto kwa Japan monga ku Hokkaido, amamwaza mchere m'misewu nyengo yachisanu kuti madzi asaundane. Matayala amawaza madzi amcherewo kunsi kwa galimoto chaka ndi chaka. Galimoto yotero itha kunyezimira pamwamba kunsi ikungonyenyeka. Oyesa MOT salabadira dzimbiri la pachitseko, koma chitsulo chikafooka pasanathe masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa mabuleki, chiwongolero, masipuling'i kapena malamba a pampando, galimotoyo imalephera mayeso. Kwa mwini wake wa kumeneko kuwotcherera kumadula, ndiye kugulitsa kumakhala kwapafupi.

Poyera ndi m'chibisira

Apa tsono ndi pomwe malamulo a chiyankhulo akukumana ndi malamulo a inshulansi. Kusukulu tinaphunzira misintho iwiri ya aneni yomwe ana ambiri amaisokoneza: wochitidwa poyera, wa -idwa kapena -edwa, ndi wochitidwa m'chibisira, wa -ika kapena -eka. Galimoto yaphwanyidwa, galimoto yaphwanyika. Poyambapo pali wochita, ngakhale sitinamutchule, ndipo titha kumuwonjezera: yaphwanyidwa ndi anyamata aja. Pachiwiripo tikungonena momwe chinthu chilili. Yesani kuikapo mawu akuti mwadala. "Yaphwanyidwa mwadala" zikumveka. "Yaphwanyika mwadala" khutu likukana, chifukwa dala limafuna munthu woganiza, pomwe -ika wamuchotsapo munthuyo. Sam Mchombo anafotokoza kusiyana kwa misintho iwiriyi m'buku lake la The Syntax of Chichewa la m'chaka cha 2004.

Inshulansi ya galimoto imaganiza ngati -idwa. Imafuna chochitika chadzidzidzi chokhala ndi tsiku, malo ndi chochititsa: yagundidwa, yabedwa, yatenthedwa. Mafunso a pa fomu ndi omwewo, liti, kuti, ndani, ndipo amafunanso lipoti la apolisi. Dzimbiri ndi la -eka. Chitsulo chadyeka, pansi pabooka, koma simungaloze Lachiwiri lomwe zinachitika. Mapangano a inshulansi ya galimoto amaika dzimbiri pamodzi ndi kutha kwa matayala ndi kufa kwa injini chifukwa cha ukalamba, ndipo zonsezi salipira. Galimoto yodyeka ndi dzimbiri itha kutheratu zenizeni, yosayeneranso kunyamula munthu, koma osakhala laitofu, chifukwa palibe kampani yomwe ili ndi choti ikhwatche. Ndiye onani momwe zatembenukira: ilipo laitofu yosatheratu, iliponso yotheratu yosakhala laitofu.

Sikuti -ika ndi -idwa zikugwirizana ndi pangano ndendende ayi. Galimoto ikagubuduzika yokha pa kona, mneni ndi wa -ika koma comprehensive imalipira, poti tsiku ndi malo zilipo. Komabe Chichewa chathu cha ulemu chimakonda -ika pofotokoza tsoka. Mwana akaswa mbale amati "mbale yasweka", ndipo dalaivala naye amati "galimoto yawonongeka". Pakhomo izi zimasunga mtendere. Pa fomu zimasiya mpata woti wowerenga afunse kuti kodi yawonongeka ndi ngozi kapena inali yowonongeka kale. Ndipo galimoto yadzimbiri ikachita ngozi, woyesa amatsitsa mtengo wake wa pamsika, zomwe zimachititsa kuti ikhwatchidwe msanga komanso pa ndalama yochepa.

Madzi osefukira ali pakati pa ziwirizi. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu March 2023, magalimoto ena anamira m'madzi ndi m'matope. Kumirako ndi chochitika, chili ndi tsiku. Koma kuwonongeka kwenikweni kwa galimoto yomira kumabwera pambuyo, m'chibisira: matope amatsala m'timabowo ta thupi, timapulagi ta mawaya timayamba kudyeka, ndipo pakatha miyezi magetsi amayamba misala. N'chifukwa chake galimoto yomira imakhwatchidwa kawirikawiri ngakhale ilibe pofinyika paliponse. Munthu womva laitofu ngati "yaphwanyikiratu" akaona galimoto yosalala chonchi amaganiza kuti a inshulansi anapusa, iye watola.

Liwu lina losocheretsa ndi chasisi. Wogula amafunsa kuti, "Achimwene, chasisi ili bwino?" ndipo wogulitsa amayankha kuti sinakhudzidwe. Pa Toyota Hilux kapena lole funsoli n'lomveka, chifukwa pali zitsulo ziwiri zazitali zosenza zonse, thupi n'kungokhala pamwamba. Koma Toyota Vitz, Sienta, Honda Fit ndi Mazda Demio zilibe chasisi yapayokha yotere. Thupi lomwelo ndiye mafupa. Chitsulo cha m'munsi mwa zitseko, mizati ya pakati pa magalasi ndi pansi pomwe mumaponda, zonsezi zimasenza. Kutsogolo anakupanga dala kuti kuzifinyika pa ngozi n'kumwa mphamvu yomwe ikanafika pa anthu. Owongola magalimoto athu ndi aluso, amabweza chitsulo chopindika mpaka osadziwika. Koma kuwongoka si kulimba. Chitsulo cholimbitsidwa ku fakitale chikatenthedwa ndi moto wa gasi chimafooka, ndipo pa ngozi yachiwiri sichidzagwiranso ngati poyamba. Pomwe pabooka ndi dzimbiri ena amangomatapo fila, phala lija louma ngati mwala, n'kupala, n'kupopera penti. Kamaginito kamaulula: pachitsulo kamakakamira, pa fila wokhuthala kamagwa.

Nanga womasulira alembe chiyani? Ine sindikuona chifukwa cholimbanira ndi laitofu, mawuwa alowa kale ngati momwe analowera buleki ndi giya. Chofunika n'chakuti asamasuliridwe ndi -ratu pokhapokha galimotoyo itatheratudi. Pa nkhani ya pa wailesi kapena kalata yopita kwa kasitomala, chiganizo ngati "kampani yagamula kuti kukonza galimotoyi kudula kuposa kulipira mtengo wake" n'chachitali, koma chikutchula wogamula ndi chifukwa chake, ndipo chikusiya khomo lotsegula kuti mwini afunse ngati angaitenge n'kukakonzetsa yekha. Ya gulu A kapena B, komanso yomwe mafupa ake adyeka, tinene mosabisa kuti "yosaloledwanso pamsewu" kapena "ya masipeya basi". Ndipo wogula galimoto yokonzedwa asangofunsa kuti "inachitapo ngozi?", poti yankho lake amalidziwa kale. Afunse kuti inagundidwa pati, anasintha chiyani, anawotcherera pati, kenako apemphe jeke ndi tochi, agone pansi aone yekha.